Akamtema, akabawi ndi ziwombankhanga m'thambo la Lilongwe: mafunso ndi mayankho

Okutobala akafika, ife a mu Lilongwe maso amakhala kumwamba chifukwa cha mvula basi. Timasuzumira mitambo n'kumafunsana ngati chizimalupsa chayandikira. Koma m'thambo lomwelo, m'masabata omwewo, mumadutsa alendo amene ambirife sitiwalabadira: mbalame zolusa zochokera ku Russia, ku Kazakhstan, ku Poland, ngakhale ku Mongolia. M'mayiko ena anthu amakhala paphiri miyezi iwiri yathunthu n'kumaziwerenga imodziimodzi. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabuka munthu akati nafenso tiyambe kuwerenga kuno kwathu.

Kodi mbalame zimenezi zimachokera kuti, ndipo kuno zimadzatani?

Zili m'magulu awiri. Loyamba ndi la zimene zimaswana kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ku Ulaya ndi ku Asia. Kumeneko Sepitembala akafika dzuwa limayamba kulowa msanga, masamba amayoyoka, ziwala zimafa, mbewa zimabisala, ndipo posakhalitsa nthaka yonse imakutidwa ndi madzi oundana. Mbalame yodalira kusaka ilibe chake m'dziko lotero, choncho imanyamuka kulowera kumwera. Pamene a kumeneko akukonzekera chisanu, ife timakhala tikupsa ndi dzuwa la chilimwe, ndipo alendowa amafika kuno mvula ili pafupi kapena itangoyamba kumene, tizilombo tikutuluka paliponse. M'gulu limeneli muli steppe buzzard wochokera ku Russia ndi kum'mawa kwa Ulaya. Chiwombankhanga chotchedwa lesser spotted eagle cha ku Poland, Belarus, Latvia ndi mayiko oyandikana nawo. Chinzake chachikulu, steppe eagle, cha m'zigwa za udzu za ku Kazakhstan. Ndi akabawi ang'onoang'ono angapo monga Amur falcon, lesser kestrel ndi hobby.

Gulu lachiwiri silituluka mu Africa. Limangosamuka kuchoka kumpoto kwa equator kubwera kuno, kenako n'kubwerera. Kamtema wa mlomo wachikasu ali m'gulu limeneli, chimodzimodzinso chiwombankhanga cha Wahlberg. Izi zimafika msanga, cha mu Ogasiti, ndipo zimadzaswana kuno. Cha Wahlberg chimamanga chisa mu mtengo wautali, nthawi zambiri wa m'mbali mwa mtsinje, n'kuikira dzira limodzi lokha, ndipo chaka chinacho chimakonda kubwerera pachisa chomwecho. Choncho mtengo umodzi ukagwa m'mbali mwa Lingadzi, pakhoza kukhala banja limene lataya malo amene lakhala likuswanirapo zaka zambiri.

Nkhwazi ya pachizindikiro cha dziko lathu ija siili m'magulu onsewa. Imeneyo ndi mwininyumba, imakhala chaka chonse pamene pali madzi ndi nsomba.

Ine sindinaphunzirepo za mbalame. Ndiyambire pa iti?

Yambirani pa kamtema. Ena amamutcha mphamba, ndipo palibe Mmalawi amene sanamuonepo. Ndi mbalame yabulauni, ya mapiko aatali opindikira kumbuyo, ndipo mchira wake ndi wamphanda. Muuyang'anitsitse mchirawo: sukhala chete, umapotokera uku ndi uku pamene thupi likungoyandama. Imani pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe ku Old Town dzuwa litakwera, kapena cha kumsika kumene amaphera nkhuku ndi kupala nsomba, muyang'ane pamwamba pa madenga. Pakati pa akhwangwala mudzaona mbalame imene sikupiza mapiko pafupipafupi ngati iwo. Ikaona kanthu imapendeka, n'kutsika mwamphamvu, n'kutola ndi zikhadabo osatera n'komwe, ndipo imadyera m'mwamba momwemo, mutu utaweramira kumapazi.

Wamkulu amakhala ndi mlomo wachikasu wonse. Mvula ikayamba kumabweranso msuweni wake wa ku Ulaya ndi ku Asia, black kite, wa mlomo wakuda ndi mutu wotuwirako. Koma samalani, ana a kamtema wathu yemweyu nawonso mlomo wawo umakhala wakuda, ndiye musafulumire kulemba kuti mwaona mlendo wa kutali.

Mukamudziwa bwino kamtema, mwapeza muyeso. Mbalame ina iliyonse mudzaiyerekeza ndi iye: yaikulu kapena yaing'ono kuposa kamtema, mapiko otambalala kapena osongoka, mchira wamphanda, wozungulira kapena wodukiza. Steppe buzzard ndi wojintcha pang'ono, mapiko ake ndi ofupikirapo, mchira wozungulira ndipo nthawi zambiri wofiirira, ndipo amakonda kukhala phee papolo ya magetsi n'kumayang'ana pansi. Cha Wahlberg chikamayandama mapiko amakhala owongoka bwino, mchira wautali, wopyapyala ndi wotseka.

Mwatchula kabawi wa ku Amur. N'chifukwa chiyani okonda mbalame amamutama chonchi?

Chifukwa cha ulendo wake. Kambalameka kamalemera magalamu pafupifupi 150, sikakwana ngakhale kota ya kilogalamu. Kamaswana kum'mawa kwa Siberia, ku Mongolia ndi kumpoto kwa China. Kakanyamuka kumeneko kamatsikira kumpoto chakum'mawa kwa India, kumene akabawiwa amasonkhana miyandamiyanda kwa masabata angapo n'kumadya chiswe chouluka kuti anenepe. Akatero amadutsa India yense, n'kulowa pamwamba pa nyanja yamchere, makilomita oposa 3,000 opanda mtengo, opanda mwala woterapo, usiku ndi usana, mpaka kukafika ku gombe la Somalia ndi Kenya. Akatswiri amaganiza kuti panjira amadya atombolombo amene nawonso amawoloka nyanjayo nyengo yomweyo. Kuchokera kumeneko amatsika kudzera m'mayiko athu ano, kuphatikizapo Malawi, chakumapeto kwa Novembala ndi mu Disembala, ambiri n'kukathera dzinja ku Zimbabwe, Botswana ndi South Africa. Kupita ndi kubwera, ulendo wa chaka chimodzi umakwana makilomita pafupifupi 22,000.

Mu 2012 bungwe la Conservation India linaulula kuti pa damu la Doyang, m'chigawo cha Nagaland, anthu ankatchera maukonde a nsomba m'mitengo imene akabawiwa amagonamo, ndipo linayerekeza kuti mbalame pakati pa 120,000 ndi 140,000 zinkaphedwa chaka chilichonse n'kugulitsidwa ngati ndiwo. Boma, mafumu, mipingo ndi mabungwe anakhala pansi ndi anthu a m'midzi monga Pangti, ndipo chaka chotsatira kuphako kunaleka. Mu Novembala 2013 akabawi atatu anavekedwa timakina tolondoleredwa ndi setilaiti n'kupatsidwa mayina akuti Naga, Wokha ndi Pangti, ndipo anthu a m'midzi yomwe ija anayamba kutsatira pamapu mbalame zawo zikuwoloka nyanja kubwera ku Africa. Lero alendo amapita ku Pangti kukaonera akabawi.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa kabawi amene angatere pawaya wa magetsi cha ku Area 49 mu Disembala akhoza kukhala mmodzi mwa opulumuka chifukwa cha chisankho cha mudzi wa ku India. Wamwamuna ndi wotuwa moderako, miyendo yofiira, ndipo akatambasula mapiko kunsi kwake kumaoneka zoyera mbee. Wamkazi ndi woyera pachifuwa, wamathothomathotho akuda. Sayenda yekha. Mukaona mmodzi, yang'anani bwino, anzake ali pafupi.

Nanga chiwombankhanga, ndi kulemera kwake kuja, chimatha bwanji ulendo wotere?

Sichikupiza mapiko ulendo wonse, chikanatero chikanafera panjira. Dzuwa likawotcha nthaka, mpweya wotentha umakwera m'mwamba m'mizati yosaoneka ndi maso. Kamvuluvulu amene amanyamula fumbi ndi mapepala pabwalo la mpira mu Okutobala ndi mwana wa mpweya womwewo. Chiwombankhanga chimalowa mumzatimo, n'kutambasula mapiko, n'kumazungulira chikukwera mpaka pamene mpweyawo wathera mphamvu. Kenako chimapinda mapiko pang'ono n'kutsetsereka molunjika kumwera, chikutsika pang'onopang'ono, mpaka chitapeza mzati wina. Tsiku lonse n'chomwecho: kukwera, kutsetsereka, kukwera, kutsetsereka.

Pamwamba pa madzi mpweya wotere ndi wosowa. N'chifukwa chake mbalame zoyandama zimaopa nyanja, ndipo zimapanikizana pamalo ochepa pamene mtunda wayandikana kapena pamene njira yapanikizika: ku Gibraltar, ku Bosporus mu mzinda wa Istanbul, ku Suez, ku Eilat, ndi ku Bab el Mandeb pakati pa Yemen ndi Djibouti. Ku Batumi, m'dziko la Georgia, mbalame zimadutsa pakampata ka pakati pa Black Sea ndi mapiri. Kuyambira 2008 anthu odzipereka ochokera m'mayiko osiyanasiyana amakhala pazitunda ziwiri kumeneko kuchokera pakati pa Ogasiti mpaka mu Okutobala, ndipo nyengo imodzi amawerenga mbalame zolusa zoposa miliyoni imodzi. Ena mwa ma steppe buzzard amene amalembedwa m'mabuku a ku Batumi chakumapeto kwa Sepitembala ndi omwe amadzakhala pamapolo a m'misewu ya kumwera kuno kwa Africa patapita milungu ingapo.

Ndiye kuti ku Lilongwe nakonso tingaone zikwizikwi tsiku limodzi?

Ayi, ndipo ndi bwino kunena poyera kuti munthu asagwe mphwayi tsiku loyamba. Lilongwe ali pachigwa chotambalala, mamita pafupifupi 1,050 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo palibe chimene chimakakamiza mbalame kudutsa pampata umodzi. Zimabwera momwazikana. Mutha kukhala maola awiri n'kuona akamtema khumi, buzzard mmodzi ndi chiwombankhanga chimodzi chapatali.

Chimene tili nacho ife, chimene a ku Batumi alibe, ndi chakudya. Iwo amaona mbalame zikungodutsa, ife timaziona zitafika pamphika. Tsiku loti mudikire ndi la ngumbi. Mvula yamphamvu ikagwa masana n'kukata chakumadzulo, dzuwa n'kutulukanso, pitani pamalo otseguka pamene pali zulu. Pansi pamakhala pakununkhira dothi lonyowa, timabowo tatseguka, ngumbi zikufuka. Ana amakhala afika kale ndi mabeseni. Choyamba mumaona anamzeze, kenako kamtema mmodzi, ndipo musanadziwe kumene achokera ali makumi awiri, makumi atatu, akuzungulira motsika kwambiri moti mumamva mphepo ya mapiko. Aliyense amawakha ngumbi ndi phazi n'kuponya kukamwa, timapiko ta ngumbi tikugwa pang'onopang'ono. Ngati ndi Disembala, pamwamba pawo pamatha kubwera akabawi, othamanga ndi okhota msanga. Kunja kwa mzinda, kumene anthu ndi ochepa, ziwombankhanga zikuluzikulu zimatera pansi penipeni n'kumayenda chotsimphina kuzungulira bowo, zikutola ngumbi imodziimodzi ndi mlomo umene unapangidwira kung'amba nyama. Pakatha ola zonse zabalalika.

Mbalame zimenezi zimatsata mvula. Kumene kwachita mdima wa mitambo lero n'kumene zikapezeke mawa. Mu Sepitembala ndi Okutobala, mvula isanabwere, akamtema amatsatanso moto wa tchire kuti azigwira ziwala zothawa.

Malo abwino oimapo mumzinda muno ndi ati?

Chofunika ndi thambo lotseguka, makamaka chakumpoto kumene alendo akuchokera. Ku City Centre kuli mwayi chifukwa amene anajambula mapulani a likulu, lisanasamuke kuchoka ku Zomba mu 1975, anasiya mipata ikuluikulu pakati pa nyumba. Pabwalo la chipilala cha asilikali ku Area 18 maso amafika patali. Ku Botanic Garden, kufupi ndi Nyumba ya Malamulo, kuli malo otseguka ndi mthunzi womwe. Nkhalango ya Nature Sanctuary, m'mbali mwa Lingadzi pakati pa Old Town ndi City Centre, kumene kulinso Lilongwe Wildlife Centre, ndi yabwino poona mbalame zokhala mumitengo, koma mkati mwake masamba amatseka thambo, ndiye powerenga zodutsa imani m'mphepete. Ku Old Town bwalo la gofu la ku Area 3 ndi lotseguka bwino mukapempha chilolezo. Maiwe oyeretsera madzi oipa a ku Kauma amakopa mbalame zamitundumitundu, ndipo zolusa zimatsatira. Kumtaya wa zinyalala ku Area 38 fungo ndi lovuta, koma akamtema sasowa. Amene ali ndi mpata Loweruka akwere phiri la Bunda kapena la Nkhoma, kumene mbalame zimadutsa pafupi ndi maso.

Ku Area 10, 12, 43, 9 ndi mbali zina za 47 nkhani ndi ina. Kumeneko n'kumene kwatsala mitengo yakale ikuluikulu, ndipo mbalame zambiri zimagona ndi kuswana kuseri kwa mipanda ya njerwa kumene woyenda mumsewu saona. Eni nyumba ambiri amachoka m'mawa n'kubwera kutada. Amene amadziwa za mlengalenga mwa mabwalo amenewa ndi alonda ndi osamalira maluwa. Funsani bambo amene akhala pageti limodzi zaka zambiri, adzakuuzani mtengo umene chiwombankhanga chimamangamo ndi mwezi umene chimafika. Ngati kuwerenga mbalame kudzakhazikike mu Lilongwe, anthu amenewa asadzasiyidwe kunja, ndipo amene ali ndi kope lowonjezera ndi cholembera ayambe wapatsa iwowo.

Chenjezo limodzi: musaloze magalasi kapena kamera ku Capital Hill, ku nyumba ya boma, kumalo a asilikali, kumaofesi a akazembe kapena kubwalo la ndege. Paliponse pamene mwaima, yambani mwapereka moni kwa amene akuyang'anira malowo. Akakufunsani kuti, "Kodi achimwene, mukufuna chiyani kumwambako?" musayankhe mothamanga. Nenani kuti, "Pepani bambo, ndikuwerenga akamtema. Taonani nanunso, uyo apoyo," n'kuwapatsa magalasiwo. Kawirikawiri nkhani imathera pa kuseka ndi kukuuzani za mbalame za kumudzi kwawo.

Pamafunika zipangizo zanji, ndipo nthawi yabwino ndi iti?

Kope, cholembera, wotchi kapena foni, chipewa ndi botolo la madzi. Magalasi oonera patali, aja timati mabainokyula, amathandiza kwambiri, ndipo olembedwa 8x42 kapena 10x42 ndi okwanira. Koma kusowa kwake kusakuletseni, akamtema amawerengeka ndi maso okha. Zoyandama zimadikira kuti nthaka itenthe, choncho yambani cha m'ma 9 koloko m'mawa mpaka masana. Dzuwa likafika paliwombo zambiri zimakwera kwambiri moti sizioneka. Tsiku la mitambo yoyera yapatalipatali ndi labwino kuposa la thambo loyera mbee, chifukwa kadontho kakuda kamaoneka msanga pamtambo. Akabawi ang'onoang'ono ndi a chakumadzulo, pamene akusonkhana kukagona, ndipo amakonda mitengo italiitali ngati ya bulugamu. Mverani akhwangwala: akayamba phokoso n'kuthamangira mbali imodzi, nthawi zambiri pali cholusa chimene akuchipirikitsa.

Mbalame zikuzungulirazungulira, munthu angawerenge bwanji osabwereza imodzi kawiri?

Musawerenge zikadali mumzati wa mpweya muja, mudzazunguzika mutu. Dikirani zifike pamwamba. Zikayamba kutsetsereka zimatuluka pamzere, ndipo pamenepo sankhani chizindikiro chosasuntha, kaya nsanja ya mafoni, kaya nsonga ya mtengo, n'kumawerenga iliyonse imene yadutsa pamenepo. Gulu likakula, chitani monga amachitira mayi wogulitsa tomato pamsika wa Lizulu: sawerenga mmodzimmodzi dengu lonse, amaika milu. Werengani mbalame khumi bwinobwino, muone kukula kwa mulu umenewo m'maso mwanu, kenako muwerenge milu. Mukakhala awiri, aliyense awerenge payekha mwakachetechete, kenako mufananize. Mukasiyana, lembani nambala yaing'onoyo.

Akamtema a mumzinda amavuta chifukwa sakupita kulikonse, akungosaka. Kwa iwo njira yabwino ndi kuzunguliza maso thambo lonse kamodzi pa mphindi 15 zilizonse n'kulemba amene akuoneka nthawi imodzi. Nambala yaikulu ya tsikulo ndiyo muisunge.

Pamwamba pa tsamba lembani tsiku, malo, nthawi yoyambira ndi yomalizira, kumene mphepo ikuchokera, kuchuluka kwa mitambo, ndiponso ngati kunagwa mvula dzulo lake. Pambali pa mbalame iliyonse lembani kumene ikulowera. Ndipo tsiku limene simunaone kanthu, lembani 0. Ambiri amaona ngati tsiku lotero latayika n'kusiya tsamba lopanda kanthu, koma wodzawerenga kope lanu m'tsogolo sadzadziwa ngati kunalibe mbalame kapena kunalibe munthu.

Nanga ndikaona mbalame imene sindikuidziwa?

Lembani kuti "chiwombankhanga chosadziwika" kapena "kabawi wosadziwika". Ngakhale akatswiri a ku Batumi ali ndi mizere yotero m'mafomu awo. Ziwombankhanga zabulauni zimafanana kwambiri, ndipo dzina longopeka limawononga kope lonse. Jambulani chithunzi ngakhale chosaoneka bwino, kapena lembani maonekedwe a mapiko ndi mchira nthawi yomweyo musanatsegule buku.

Koma zonsezi phindu lake n'chiyani? Kuwerenga akamtema kungasinthe chiyani?

Ku Pennsylvania, m'dziko la America, kuli phiri limene alenje ankakwera chaka chilichonse kukawombera mbalame zolusa zodutsa, mongosangalala. Mu 1934 mayi wina, Rosalie Edge, anabwereka malowo n'kuletsa mfuti, ndipo anaikapo Maurice Broun kuti aziyang'anira. Broun anayamba kulemba mbalame iliyonse yodutsa. Pamalopo, pamene lero pamatchedwa Hawk Mountain, kuwerengako kukupitirirabe, ndipo kunangodukiza zaka zitatu za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Poyamba palibe ankadziwa kuti manambalawo adzagwira ntchito yanji. Patapita zaka, anaonetsa kuti ana a nkhwazi ya kumeneko akuchepa chaka ndi chaka, ndipo Rachel Carson anagwiritsa ntchito umboni umenewu m'buku lake la mu 1962, Silent Spring, lochenjeza za mankhwala ophera tizilombo monga DDT. Mu 1972 America inaletsa DDT paulimi, ndipo nkhwazizo zinachulukanso.

Kuno ku Africa, katswiri wa ku France, Jean-Marc Thiollay, anayenda pagalimoto m'misewu ya ku Burkina Faso, Mali ndi Niger pakati pa 1969 ndi 1973 akuwerenga mbalame zolusa, ndipo anabwereza misewu yomweyo patapita zaka pafupifupi 30. Mu Januwale 2024 gulu lotsogozedwa ndi Phil Shaw wa ku yunivesite ya St Andrews ndi Darcy Ogada wa ku The Peregrine Fund linaphatikiza mawerengero otere a kumadzulo kwa Africa, Cameroon, Kenya ndi Botswana, pamodzi ndi zolembedwa za ku South Africa, n'kusindikiza zotsatira m'magazini ya sayansi ya Nature Ecology & Evolution. Mwa mitundu 42 imene anaiunika, 37 inali itachepa, ndipo kuchepako kunali kwakukulu kunja kwa malo otetezedwa. Chiwombankhanga cha Wahlberg, chimene tonse tinkachiyesa chosasowa, chinapezeka m'gulu la zodetsa nkhawa.

Malawi munalibemo m'kafukufuku ameneyo. Tili ndi buku lalikulu la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett, The Birds of Malawi, la mu 2006, limene limafotokoza mitundu pafupifupi 650 ndi kumene imapezeka. Koma kudziwa kuti mbalame imapezeka ku Lilongwe ndi kwina, kudziwa ngati ikuchuluka kapena kuchepa ndi kwinanso. Chachiwirichi chimafuna munthu woima pamalo amodzi, nthawi yofanana, njira yofanana, chaka ndi chaka. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda uno, ndipo aliyense akuona mmene madambo ndi minda zikusandukira mapuloti. Achikulire amatiuza kuti kale miimba inkaoneka pafupi ndi midzi, lero kuti uione uyenera kupita kumalo ngati Liwonde. Koma palibe anailemba pamene inali yambiri, choncho tatsala ndi mawu akuti "kale inaliko". N'chifukwa chake ine ndimaumirira pa kamtema. Lero ndi wambiri moti timamunyoza, ndipo nthawi yabwino yoyamba kuwerenga mbalame ndi imeneyo, isanayambe kusowa.

Amene mumayenda kawirikawiri pa msewu wa Mchinji, Dedza, Salima kapena Kasungu, ndipo simukuyendetsa ndinu, mutha kuchita zomwe anachita Thiollay: khalani kuwindo, lembani pamene mwayambira ndi pamene mwathera, n'kumawerenga zolusa zonse za pamapolo ndi m'mwamba.

Ife oweta nkhuku timadana nazo. Mukuti tizisekerera mbalame yotitha anapiye?

Kamtema amatenga anapiye, palibe chobisa, ndipo mayi amene wataya anapiye asanu pa sabata ali ndi chifukwa chokwiyira. Palinso akabawi okhala konkuno chaka chonse, obisala m'mitengo yowirira, amene amachita zomwezo. Koma mwanapiye amakhala pangozi masabata oyambirira okha. Kumuvundikira m'dengu lalikulu kapena kakhola ka waya m'masabata amenewo, ndi kusiya zitsamba pabwalo zoti nkhuku zizithawiramo, kumapulumutsa ambiri kuposa legeni. Alendo a kutali aja nkhuku alibe nazo ntchito kwenikweni. Akabawi a ku Amur amadya ngumbi, ziwala ndi dzombe. Steppe buzzard amatha mbewa ndi makoswe, adani enieni a nkhokwe. Wopha chilichonse cha mlomo wokhota amapha ndi omuthandiza omwe.

Kodi mumzinda muno chimaziopseza kwambiri n'chiyani?

Choyamba ndi kutha kwa mitengo italiitali. Tonse tinaona mitengo imene inagwa pokuza msewu wa Kenyatta, ndipo misewu ikufunikadi, koma mbande yobzalidwa lero sidzanyamula chisa cha chiwombankhanga kwa zaka makumi angapo. Chachiwiri ndi mankhwala. Khoswe wodya poizoni safa nthawi yomweyo, amatuluka n'kumayenda mwaulesi pabwalo, ndipo woyamba kumuona ndi kamtema kapena kadzidzi. Gwiritsani ntchito misampha, ndipo khoswe wakufa ndi mankhwala mukwirireni mozama. Zulu nazonso zikuthiridwa mankhwala ndi kugumulidwa puloti iliyonse ikagulidwa. Chulu chimene chili pafupi ndi maziko a nyumba n'chomveka, koma cha kumapeto kwa mpanda kapena cha m'dambo chisiyeni, ndicho chimapereka ngumbi kwa ana athu ndi kwa mbalame zomwe. Kumayiko kumene zimachokera kulinso mavuto ake: steppe eagle anaikidwa pamndandanda wa bungwe la IUCN wa zamoyo zimene zili pangozi yakutha mu 2015, ndipo zina mwa zifukwa zake ndi kulimidwa kwa zigwa za udzu ndi kugwidwa ndi magetsi pamapolo.

Ndikawerenga, manambalawo ndipite nawo kuti? Ndipo ntchito imatha liti?

Kope lisungeni, koma lisathere m'kabati. Pa intaneti pali eBird, nkhokwe yaulere imene Cornell Lab of Ornithology inayambitsa mu 2002. Mumalowetsa pafoni malo, nthawi ndi manambala, ndipo ofufuza a kulikonse amatha kuzigwiritsa ntchito. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947 ndipo limagwira ntchito ndi BirdLife International, lili ndi nthambi ku Lilongwe ndi makalabu m'masukulu, ndipo kumeneko mungapeze anzanu odziwa kusiyanitsa ziwombankhanga zovuta zija. Aphunzitsi amene mukufuna tsiku loyambira ndi ana, Loweruka lachiwiri la Okutobala ndi tsiku lokumbukira mbalame zosamuka padziko lonse, ndipo limabweranso Loweruka lachiwiri la Meyi.

Kuwerenga kwa zobwera kumayamba mu Ogasiti ndi akamtema n'kufika pachimake mu Novembala ndi Disembala. Mu Januwale ndi Febuluwale mumawerenga zimene zakhazikika. Mu Malichi ndi kumayambiriro kwa Epulo, chimanga chikukhwima, ulendo umatembenuka: ma buzzard, ziwombankhanga ndi akabawi amadutsanso kulowera kumpoto, ndipo nthawi imeneyo muyang'ane chakumwera. Tsiku loyamba kuona mtundu uliwonse ndi losavuta kulemba chifukwa limasangalatsa. Lovuta ndi lomaliza, popeza mbalame sitsanzika, ndipo njira yokha yolidziwira ndi kupitiriza kupita pamalo panu paja mpaka masabata awiri kapena atatu atadutsa mukulemba 0.